Ebenezer Scrooge, Woumira Amene Mizimu Idamubweza kwa Anthu

Nkhani ya Ebenezer Scrooge ili m'kabuku kotchedwa A Christmas Carol, kamene Charles Dickens adalemba ku London m'chaka cha 1843. Ndi nkhani ya mkulu wamalonda wolemera koma wouma manja, amene usiku wolowera Khirisimasi adachezeredwa ndi mzukwa ndi mizimu, kutacha n'kudzuka ali munthu wina. Amene amaidziwa ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe kapena pa Balaka kawirikawiri adaionera pa filimu kapena pa katuni, ndipo mafilimu amadumpha zambiri zimene zili m'buku.

Kodi Scrooge anali ndani, ndipo kuumira kwake kunkaoneka bwanji?

Anali bambo wachikulire, wosakwatira, mwini kampani ya Scrooge and Marley pakati pa mzinda wa London. Mnzake wamalonda, Jacob Marley, anali atamwalira zaka 7 m'mbuyomo, koma dzina lake linali likadali pachikwangwani. Nkhani imayamba masana a pa 24 Disembala, kunja kutagwa nkhungu ndi chisanu cholasa m'mafupa. Kalaliki wa Scrooge, Bob Cratchit, ankakopera makalata m'kachipinda kozizira, chitseko cha bwana chili chotsekula kuti azimuona. Bokosi la malasha linkakhala kwa bwanayo, ndipo kupita ndi fosholo kukatapa ena kunali kuika ntchito pachiswe. Choncho Bob ankadzikulunga mpango m'khosi n'kumawothera manja pa kandulo. Ankalandira mashileni 15 pa sabata, ndalama yoti idyetse mkazi ndi ana 6, mmodzi mwa iwo Tiny Tim, kamnyamata kaulumali ndi kodwaladwala.

Masana omwewo Scrooge adabweza anthu motsatizana. Fred, mwana wa mlongo wake, adabwera kudzamuitanira ku chakudya cha Khirisimasi, iye n'kumukalipira kuti chikondwererocho n'chaanthu opanda nzeru. Amuna awiri osonkhetsa ndalama za amphawi adawafunsa ngati ndende ndi nyumba zogwiritsa ntchito amphawi zatsekedwa. Atamuuza kuti ambiri angalole kufa kusiyana n'kukalowa m'menemo, adayankha kuti afe ndithu, anthu achepeko. Kamwana koimba nyimbo pakhomo adakathamangitsa ndi rula. Tchuthi cha tsiku limodzi cha Bob adachilola monyinyirika, ati kulipira munthu tsiku limene sadagwire ntchito n'kuberedwa masana.

Kodi mizimu idali itatu kapena inayi?

Alendo a usiku umenewo adali anayi. Woyamba ndi mzukwa wa Marley, ndipo ndi iye yekha amene adakhalapo munthu. Scrooge atafika kwawo, chitsulo chogogodera pachitseko chidamuonekera ngati nkhope ya malemuyo. Adakhoma zitseko, n'kukhala pafupi ndi kamoto kuti amwe phala lake. Kenaka mabelu a m'nyumba adalira okha, ndipo Marley adalowa, chibwano chomangidwa ndi nsalu, akukoka unyolo wautali wa mabokosi a ndalama, makiyi, maloko, zikalata ndi mabuku a ngongole. Adafotokoza kuti unyolowo adausula yekha ali moyo, ndipo wa Scrooge udali kale wautali chimodzimodzi zaka 7 zapitazo, chikhalirecho wakhala ukukula.

Pali kachigawo kamene mafilimu ambiri amakafupikitsa, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Marley akutuluka, Scrooge adasuzumira pawindo n'kuona mlengalenga mutadzaza mizukwa yomangidwa maunyolo, ina ya anthu amene ankawadziwa. Umodzi unkalira chifukwa unkalephera kuthandiza mayi wosauka amene adakhala pakhomo lina ndi khanda. Chilango cha akufawo sichidali moto. Chidali chakuti tsopano ankafunitsitsa kuthandiza, koma mphamvu yothandizira idali itawachokera mpaka kalekale.

Nanga mizimu itatu ija idamuonetsa chiyani?

Mzimu wa Khirisimasi zakale udamubweza ku ubwana wake. Adadziona ali kamnyamata kosiyidwa kokha pasukulu yogonera konko anzake onse atapita ku tchuthi, mpaka chaka china mlongo wake wamng'ono, Fan, adabwera kudzamutenga ndi uthenga wakuti bambo awo afewa mtima. Adaonanso bwana wake woyamba, Fezziwig, akutseka ntchito madzulo olowera Khirisimasi n'kuitana antchito onse ku gule ndi chakudya. Mzimu utanena kuti phwando lonselo lidangodya mapaundi atatu kapena anayi, Scrooge adatsutsa yekha kuti nkhani si ndalama: bwana ali ndi mphamvu yosandutsa ntchito kukhala yopepuka kapena yolemetsa, ngakhale ndi mawu ndi kayang'anidwe chabe. Atalankhula choncho adakumbukira Bob. Pomaliza adaona Belle, mtsikana amene adatomera, akumumasula ku chitomerocho chifukwa ndalama zidali zitatenga malo ake mumtima mwa mnyamatayo.

Mzimu wa Khirisimasi ya chaka chimenecho udali chimphona chansangala chovala mkanjo wobiriwira. Udamutengera kunyumba ya Bob ku Camden Town, kumene banja lonse lidazungulira tsekwe mmodzi ndi mbatata, aliyense akuyamikira ngati chakudya chachuluka, popanda woyerekeza kunena kuti chachepa. Bob adapempha kuti afunire mafuno abwino bwana wake, mkazi wake n'kupsa mtima, koma adalola chifukwa cha mwamuna wake ndi tsikulo. Scrooge atafunsa ngati Tiny Tim adzakhale ndi moyo, mzimu udati zinthu zikapanda kusintha mwanayo adzafa, ndipo udamubwezera mawu ake omwe aja onena za kuchepetsa anthu. Usanachoke udamuonetsa ana awiri owonda ndi oopsa maonekedwe obisala mumkanjo wake, mnyamata Umbuli ndi mtsikana Usiwa, n'kumuchenjeza kuti aope onse awiri, makamaka mnyamatayo.

Wachitatu, wa Khirisimasi zam'tsogolo, udavala zakuda kuyambira kumutu, sudalankhule kanthu, unkangoloza ndi dzanja. Udamuonetsa imfa ya munthu wina wopanda womulira, maliro a Tiny Tim, ndipo potsiriza manda osasamalidwa olembedwa dzina la Scrooge mwini.

N'chifukwa chiyani Dickens adalemba nkhani yotere?

Dickens adabadwa pa 7 Febuluwale 1812 ku Portsmouth, ndipo umphawi adaulawa yekha. Mu 1824 bambo ake adatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole, iye ali ndi zaka 12 n'kukagwira ntchito yomata mapepala pa mabotolo a polishi wa nsapato. Manyazi a nthawi imeneyo sadamuchoke moyo wake wonse. Kumayambiriro kwa 1843 adawerenga lipoti la nyumba ya malamulo lonena za ana ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo poyamba adaganiza zolemba kapepala kodandaulira anthu m'malo mwa mwana wa mmphawi. Chaka chomwecho adayendera sukulu ya ana amasikini ya Field Lane ku London, ndipo pa 5 Okutobala adakalankhula ku Manchester za kufunika kwa maphunziro. Adaona kuti nthano ingalase mitima kuposa kapepala ka madandaulo, ndipo adailemba m'masabata pafupifupi 6.

Nayenso ankafuna ndalama, chifukwa buku lake la Martin Chuzzlewit silinkayenda malonda bwino ndipo banja linkakula. A Christmas Carol idatuluka pa 19 Disembala 1843 kudzera ku kampani ya Chapman and Hall, ndi zithunzi za John Leech, pa mtengo wa mashileni 5. Mabuku 6,000 oyamba adatha isanafike Khirisimasi. Komabe phindu lidamukhumudwitsa, pakuti adaumirira chikuto chokongola ndi zithunzi zamitundu, moti adangopeza mapaundi pafupifupi 230 pamene ankayembekeza 1,000. Kuyambira mu 1853 mpaka chaka cha imfa yake, 1870, ankaiwerenga yekha pamaso pa makamu a anthu. Masiku ano bukuli lilibenso mwini kumbali ya malamulo, ndipo limapezeka mwaulere pa intaneti.

Mawu ankhanza a Scrooge onena za amphawi sadali ongopeka. Lamulo la amphawi la 1834 ku England lidakonza kuti wofuna thandizo akalowe m'nyumba zogwiritsa ntchito amphawi, momwe mwamuna, mkazi ndi ana ankalekanitsidwa, ndipo moyo wake udaumitsidwa dala kuti anthu aziopa kupempha. Maganizo a Thomas Malthus, amene mu 1798 adalemba kuti anthu amachuluka mofulumira kuposa chakudya, adali pakamwa pa ophunzira ambiri. Scrooge ankalankhula zimene anthu olemekezeka a nthawi yake ankaziona ngati nzeru.

Kodi Scrooge adaliko ndithu?

Ayi, ndi munthu wa m'nthano. Akatswiri ena amaganiza kuti Dickens adatengerako mbiri ya John Elwes, phungu wa nyumba ya malamulo amene adamwalira mu 1789, wolemera kwambiri koma wodziwika ndi kuvala nsanza ndi kugona dzuwa likangolowa poopa kuwononga makandulo. Dzina la Scrooge lidafalikira kotero kuti olankhula Chingerezi amaitanira nalo woumira aliyense, ndipo bakha wolemera wa m'makatuni a Disney, Scrooge McDuck, amene adayamba kuoneka mu 1947, adatchulidwa potengera iye.

Kodi chuma chake adachipeza mwa kuba kapena kukhwima?

Funsoli limabwera msanga kuno, kumene munthu wolemera wokhala yekha, wosadya bwino ndi wosavala bwino, amayamba kunong'onedwa kuti adakhwimira chuma ndipo akusunga zizimba. Buku silinena chilichonse chotere. Silinenanso kuti Scrooge adaba kapena adanamiza munthu. Dzina lake linali lodalirika pamsika wa amalonda, misonkho ankakhoma, ndipo zimene adapangana ankazisunga. Ntchito yake yeniyeni sidafotokozedwe bwinobwino, koma zikuoneka kuti ankakongoza ndalama, chifukwa m'masomphenya a imfa yake muli banja lina la ngongole limene lidapumira m'mwamba litamva kuti wamwalira.

Apa m'pamene nkhaniyi imaluma. Wakuba aliyense amamudzudzula, ndipo wowerenga sadziona mwa iye. Scrooge sadaphwanye lamulo, ndipo akadatha kuyankha aliyense kuti palibe chimene adamulanda. Wakatapila amene amakongoza K10,000 kuti ibwere K15,000 kapena K20,000 pakutha pa mwezi amayankhanso chimodzimodzi, kuti wokongolayo adabwera yekha ndipo adavomera. Amateronso wogula thonje kapena nandolo amene amadikira mlimi afike pothina kuti atsitse mtengo. Dickens akunena kuti munthu angathe kukhala wolungama pa mapepala onse, unyolo wake ukukulabe.

Ndiye kuti kusunga ndalama n'kulakwa?

Ayi, ndipo kusokoneza kusamala ndi kuumira kumawononga nkhani yonse. Mayi wa ku Nsanama amene amaponya masheya ku banki mkhonde sabata iliyonse, kukana kugula chitenje chatsopano kuti Disembala adzagawane n'kugula feteleza, si Scrooge. Mlimi wa ku Phalula amene akukana kugulitsa matumba ake awiri otsiriza a chimanga si Scrooge. Onsewa akusungira anthu ndi tsiku lodziwika.

Ndalama za Scrooge zidalibe wozisungira. Iye mwini sankazidya: ankakhala m'zipinda zamdima chifukwa mdima sulipiridwa, chakudya chake chamadzulo chidali cha pamalo odyera osasangalatsa, ndipo moto wa m'nyumba mwake udali wochepa ngati wa kalaliki wake. Fred adaziona zimenezi, n'chifukwa chake ankamumvera chisoni m'malo momuda, ponena kuti wovutika woyamba ndi khalidwe la amalume akewo ndi iwo eni. Buku limasonyezanso kumene kuumirako kudachokera. Belle adamuuza kuti amaopa dziko mopitirira, ndipo wowerenga amene waona kamnyamata kosiyidwa pasukulu kaja amamvetsa manthawo. Scrooge adaopa umphawi mpaka adataya chilichonse chimene umphawi ukadamulanda, ndi zina zimene sukadazikhudza n'komwe.

Bwanji nkhaniyi imalimbikira za Fred, pamene iye sadali wosauka kwenikweni?

Wowerenga wa ku Machinga ndi Balaka angamve kulemera kwa mbali imeneyi kuposa wa ku London. Pakati pa Ayao, Alhomwe, Amang'anja ndi Achewa, kumene mtundu umatsata kwa mayi, mwana wa mlongo si mlendo wongobwera kudzapereka moni. Malume ndiye mwini mbumba. Ndi iye amene amaimira ana a mlongo wake pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Fan, mlongo yekhayo amene adakonda Scrooge ali mwana, adamwalira n'kusiya mwana mmodzi, Fred. Mwa kaonedwe ka kuno, Scrooge ndi mtsibweni amene adataya mbumba yake yonse, ngakhale idali ya munthu mmodzi yekha. Adanyozanso ukwati wa mnyamatayo, moti mkazi wa Fred anali asanamuchezerepo.

Fred sankapempha ndalama. Chaka ndi chaka ankabwera kudzaitana amalume ake ku chakudya, ndipo adalonjeza kuti adzapitiriza ngakhale azikanidwa. Pa zonse zimene Scrooge adachita atasintha, kupita kwa Fred ndiko kudamuvuta koposa. Kutumiza nkhukundembo kwa Bob adakuchita akuseka, koma pakhomo pa mwana wa mlongo wake adadutsa kambirimbiri asanalimbe mtima kugogoda. Chikwama chimathetsa nkhani ya ndalama, koma pamenepa pankafunika kuti munthu wamkulu aime pakhomo n'kupempha kuti amulandire. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, ndipo mlandu waukulu wa Scrooge m'buku lonse ndi umenewu, kuti adadzichotsa pakati pa anthu.

N'chiyani chidamuopsa kwambiri m'masomphenya a imfa yake?

Sikudali kufa kwenikweniko ayi, koma kafedwe kake. Adamva amalonda anzake akukambirana za malirowo mwachibwana, wina akuti adzapitako pokhapokha ngati kudzakhale chakudya. Adaona mayi wokonza m'nyumba, mayi wochapa ndi wantchito wa okonza maliro atakumana m'kasitolo konyansa ka Joe, wogula zakale, aliyense ndi mtolo wa zimene watola m'nyumba ya womwalirayo: masupuni, nsapato, mabulangete, makatani a pabedi ochotsedwa mtembo uli pomwepo, ngakhale malaya abwino amene adamuveka kuti aikidwe nawo. Mtembowo udagona wokha m'chipinda chamdima, popanda munthu woukhalira.

Kumudzi kuno maliro ndiwo muyeso wa munthu, n'chifukwa chake amati maliro n'kulirana. Amene safika pa zovuta za anzake, wosaponya chipepeso, wosagona pasiwa, amadziwika, ndipo tsiku likamugwera adzukulu amatha kuzengereza kukumba manda mpaka mfumu italowererapo. Chilango chimenechi n'chowawa chifukwa chimaonetsa poyera zimene mudzi udasunga mumtima kwa zaka. Scrooge adaonetsedwa chigamulo chotere akadali moyo. Pambali pake adaonetsedwa nyumba ya Bob, mmene kamwana kopanda chuma chilichonse kankaliridwa ndi banja lonse, bambo ake akulephera kudzigwira pobwera kuchokera kumanda.

Kodi nkhani ya mizukwa ndi yoyenera kwa Mkhristu kapena Msilamu?

Mizimu ya m'nkhaniyi si yaufiti. Palibe amene adaituma kuti ipweteke munthu, sipempha nsembe, ndipo ntchito yake ndi kuchenjeza basi. Kunena nthano za mizukwa usiku wa Khirisimasi udali mwambo wakale ku England, monga mmene nthano zimakambidwira madzulo kuno. Ganizo lakuti wakufa angabwere kwa wamoyo kudzamudzudzula si lachilendonso kwathu, kumene makolo ankakhulupirira kuti mizimu ya achibale imalankhula kutulo pamene mbumba yanyalanyazidwa.

Mkhristu angakumbukire Luka 16, fanizo la wolemera ndi Lazaro, mmene wolemera uja ali m'mazunzo adapempha kuti wina achoke kwa akufa akachenjeze abale ake asanu, koma adakanidwa. Dickens adalemba ngati akufunsa chimene chikadachitika pempholo likadaloledwa. Zakeyu wa pa Luka 19 ndiye wofanana ndi Scrooge wosinthika, chifukwa kulapa kwake kudaoneka pa chuma chake.

Ku Machinga, kumene Asilamu ndi ochuluka, Khirisimasi si chikondwerero cha aliyense, koma nkhani ya woumira si ya chipembedzo chimodzi. Zakaat, gawo la 2.5 pa 100 la chuma chimene chasungidwa chaka chathunthu chitafika mlingo wake, ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za Chisilamu, ndipo imatengedwa ngati gawo la wosauka limene lili m'manja mwa wolemera, osati mphatso. Sura 28 ya Qur'an imasimba za Qarun, amene makiyi a nkhokwe zake ankalemera ngakhale kwa gulu la amuna amphamvu, ndipo nthaka idamumeza pamodzi ndi nyumba yake. Kusiyana kwake n'kwakuti Qarun adakana chenjezo, pamene Scrooge adalimva.

Kodi munthu angasinthedi usiku umodzi, kapena adangochita mantha?

Ili ndi funso limene owerenga akhala akukangana nalo kwa zaka zambiri, ndipo kukayikirako n'komveka. Anthu ambiri amalonjeza kusintha ali pabedi lachipatala, akachira n'kubwerera ku zakale. Koma wowerenga mosamala amaona kuti Scrooge sadadikire manda kuti afewe. Adalira ataona kamnyamata ka pasukulu kaja, n'kunena kuti akadakonda akadapatsa kanthu mwana woimba amene adamuthamangitsa. Ali kwa Fezziwig adalakalaka kulankhula mawu abwino kwa kalaliki wake. Adafunsa za Tiny Tim asanadziwe kuti iye mwini adzafa bwanji. Mantha adabwera pomaliza, adapeza ntchito yaikulu itachitika kale. Mizimu sidamuphunzitse chatsopano, idangomuonetsa zimene adakhala akukana kuyang'ana.

Umboni wa kusinthako uli pa zimene adachita. M'mawa wa Khirisimasi adatumiza nkhukundembo yaikulu kwa Bob osatchula dzina lake. Adakumana ndi mmodzi wa osonkhetsa ndalama aja, n'kupepesa, n'kumunong'oneza ndalama imene adati ikuphatikiza za zaka zambiri zimene sadapereke. Adapita kutchalitchi, kenaka kwa Fred. Koma chachikulu chidachitika pa 26 Disembala, tsiku wamba la ntchito. Bob adachedwa, akunjenjemera poyembekeza kuchotsedwa, ndipo Scrooge adamukwezera malipiro, n'kulonjeza kuthandiza banja lake, n'kumutuma kukagula chotengera malasha china. Tiny Tim sadafe, kusiyana ndi mmene ena amakumbukirira, ndipo Scrooge adakhala ngati bambo wake wachiwiri. Sadagawe chuma chake chonse, sadatseke kampani. Adakhalabe wamalonda, ndipo anthu ena ankamuseka, iye osalabadira.

Kodi nkhani ya chisanu cha ku London ikukhudza bwanji Khirisimasi ya ku Machinga ndi Balaka?

Nyengo n'zosiyana, koma mwezi ndi umodzi pa kuwawa kwake. Ku England Disembala ndi nthawi imene wosauka amafa ndi kuzizira. Kuno Khirisimasi imagwa pakati pa miyezi ya njala, chimanga cha chaka chatha chitatha m'nkhokwe, chatsopano chikadali m'mawondo. Balaka, amene adakhala boma payekha mu 1998 atagawidwa kuchokera ku Machinga, ndi dera louma limene mvula imavuta kawirikawiri, ndipo mabanja a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amadziwa chimene chimachitika madzi akaphwa n'kupita ndi matemba ndi mpunga. Mu Malichi 2024, chilala chitawononga mbewu, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo chaka chomwecho zidamveka kuti mabanja ena ku Machinga afika pophika chitedze.

M'miyezi imeneyi mayi amasiya munda wake uli ndi udzu n'kukapalira wa mnzake, kuti madzulo abwere ndi kambale ka ufa kapena madeya. Munda wakewo ukalephera, chaka chamawa adzapitanso ku ganyu. Mtengo wa ganyu amaudula ndi mwini munda, podziwa kuti akakana uyu abwera wina. Pamenepo m'pamene pali ofesi ya Scrooge ya kuno: pa mizere imene waganyu wayezeredwa, pa thumba la chimanga lokongozedwa mu Januwale kuti libwere awiri pokolola, pa malipiro a mlonda amene achedwa miyezi iwiri. Mpunga, nkhuku ndi zovala zatsopano za tsiku la 25 n'zabwino, ndipo kuitana mnansi wosowa kuti adye nawo n'koyamikika. Koma bukuli lidaika kukwezedwa kwa malipiro pa tsiku lotsatira Khirisimasi, phwando litatha.

Kodi Dickens ankamvera chisoni amphawi onse, ngakhale a ku Africa?

Ayi, ndipo wowerenga wa kuno ayenera kudziwa zimenezi. Chifundo chake chidali chachikulu pa ana osauka a ku England, koma chidali ndi malire. M'buku lake la Bleak House la 1852 mpaka 1853 adaseka mayi wina wotanganidwa ndi kuthandiza anthu a ku Africa ana ake omwe ali osasamba. Pamenepo mfundo yakuti munthu ayambe ndi apakhomo pake ingamveke. Koma mu 1853 adalemba nkhani m'magazini yake ya Household Words yonyoza Azulu ndi anthu ena akuda ndi mawu achipongwe, ndipo pambuyo pa chipolowe cha ku Jamaica cha 1865 adaikira kumbuyo bwanamkubwa Edward Eyre, amene adachithetsa mwa kupha anthu mazanamazana. Mlembi amene adaona bwino lomwe khungu la Scrooge adali ndi khungu lakelake, ndipo palibe mzimu umene udamuchotsa. Zimenezi sizichotsa choonadi cha nthanoyo, koma zimaletsa kumutenga Dickens ngati woyera mtima.

Kodi kufewa mtima kwa wolemera mmodzi kungathetse umphawi?

Sikungathetse, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imadzudzulidwa kwambiri. George Orwell, m'nkhani yake yonena za Dickens ya 1940, adaona kuti mlembiyu ankafuna kuti anthu asinthe mitima, koma sankanena momveka mmene malamulo ndi kayendetsedwe ka chuma ziyenera kusinthira. Banja la Cratchit lidapulumuka chifukwa bwana wawo adachezeredwa ndi mizimu. Makalaliki a mabwana ena onse a mu London adadzuka pa 26 Disembala malipiro ali omwewo. Moyo wa Tiny Tim udalendewera pa mtima wa munthu mmodzi, ndipo dziko limene mwana amakhala ndi moyo kapena kufa malinga ndi mmene bwana wadzukira silinakonzeke.

Komabe Dickens sadaiwale mbali imeneyi kotheratu. Ana awiri aja, Umbuli ndi Usiwa, mzimu udati ndi ana a anthu onse, osati a Scrooge yekha, ndipo nkhukundembo singawachiritse. Ku England lamulo lokhazikitsa sukulu za pulayimale m'dziko lonse lidabwera mu 1870, chaka chimene Dickens adamwalira. Ku Malawi maphunziro a pulayimale aulere adayamba mu 1994, ndipo ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma ena kuphatikizapo Machinga ndi Balaka, imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda wowagwirira ntchito popanda kudikira chifundo cha munthu. Izi ndi zimene wolemera mmodzi sangathe kuchita yekha. Ngakhale zili choncho, ana ambiri m'maboma awiriwa amasiyabe sukulu panjira, atsikana kukalowa m'banja akadali aang'ono, anyamata kupita kunyanja kapena kutsata njira ya ku Joni.

Pali malo enanso amene lamulo limafika movutikira. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa boma mphamvu yoika malipiro ochepetsetsa, koma waganyu wa m'munda, mbusa wa mbuzi, wothandiza m'golosale ya pa Ntaja ndi mtsikana wa ntchito zapakhomo pa Liwonde kawirikawiri alibe kalata ya ntchito. Malipiro awo amakambidwa pakhonde, pakamwa pokha, ndipo tsiku lolandirira amalidziwa ndi wowalemba.